Puresha ya Oyilo Ikamakwera ndi Kutsika: Kafufuzidwe ka Vuto mu Injini ya Kombi Yozizira ndi Mphepo

Mau oyamba

Injini ya Volkswagen Kombi yakale ilibe rediyeta ndipo sithiridwa madzi. Kutentha kwake kumachotsedwa ndi mphepo yokupizidwa ndi fani, ndiponso ndi oyilo. Kotero oyilo m'injini imeneyi ali ndi ntchito ziwiri, kufewetsa zitsulo zokhulana ndi kuziziziritsa. Puresha ya oyilo ikayamba kusinthasintha, kagetsi ka pa dashibodi n'kumaphethira kapena muvi wa geji n'kumakwera ndi kutsika, ntchito ziwiri zonsezi zimakhala pangozi nthawi imodzi. Injini yoonetsa zizindikiro zotere ikhoza kuyendabe zaka zingapo popanda chovuta, ikhozanso kunoka isanafike n'komwe pa boma. Kabuku kano kalembedwa pofuna kuthandiza alangizi kusiyanitsa ziwirizi.

Kombi inayamba kupangidwa ku Wolfsburg m'dziko la Germany mu 1950, ndipo mu 1956 ntchitoyi inasamukira ku Hanover. Kampani ya Westfalia inayamba kuika mabedi, makabati ndi matebulo m'galimotozi mu 1951 kuti banja lizigonamo likakhala paulendo. Kuno kum'mwera kwa Africa zinkalumikizidwa ku fakitale ya ku Uitenhage, tauni imene mu 2021 inasinthidwa dzina kukhala Kariega, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kampani ya Jurgens ya ku South Africa inkamanga kanyumba kogonamo pamsana pa Kombi, n'kuitcha Autovilla. Dziko la Brazil ndilo linatsiriza: linaleka kuika injini yozizira ndi mphepo mu 2005, ndipo Kombi yomaliza inatuluka kumeneko mu 2013. Dzina lokha ndilo lakana kufa, pakuti ku Zimbabwe ndi ku Botswana minibasi yonyamula anthu imatchedwabe kombi ngakhale ikhale ya Toyota.

Zotsala m'misewu yathu masiku ano nzochepa, ndipo zambiri zapyola zaka 40. Zipangizo zina zimachita kuitanitsidwa kunja, kotero injini ikawonongeka mwini wake amadikira nthawi yaitali ndi kulipira ndalama zambiri. Mlangizi si makaniko. Komabe kumadera kumene timagwira ntchito, makina akavuta anthu amayamba afunsa mlangizi, ndipo kaganizidwe kamene tifotokoze pano kamathandizanso pa injini za dizilo zozizira ndi mphepo zoyendetsa zigayo ndi mapampu a mthirira, ngakhale kuti manambala ake ndi ena. Mfundo yake ndi yakuti nthawi imene puresha imasintha ndiyo imaloza chimene chavuta. Tiyenera kuyamba taonetsetsa ndi kuyeza tisanagwire sipanala.

Pali injini za mitundu iwiri. Yodziwika kwambiri ndi ya 1600, yotchedwa Type 1, yofanana ndi ya Beetle. Fani yake ili m'chibokosi choimirira pamwamba pa injini ndipo imayendetsedwa ndi lamba. Inayo ndi Type 4, ya 1700, 1800 kapena 2000, imene inayamba kuikidwa pa Kombi za 1972. Iyi ndi yophwatalala ndipo fani yake ili pa crankshaft penipeni. Manambala a m'kabuku kano ndi a injini ya 1600, kupatula pamene tatchula inayo. Tikamati kumanzere, tikunena za munthu amene waima kumbuyo kwa galimoto akuyang'ana injini.

Kumene puresha imachokera

Injini ya 1600 imanyamula malita 2.5 okha a oyilo, pamene ya Type 4 imanyamula pafupifupi malita 3.5. Oyiloyo amakhala pansi pa buloko. Pampu ya magiya awiri, imene ili kuseri kwa pule yaikulu ndipo imayendetsedwa ndi camshaft, imamuyamwa kudzera pa sefa ya waya ndi kapaipi kopindika, n'kumukankhira m'tinjira tobooledwa m'bulokomo. Amadutsa pa valavu, amalowa m'choziziritsira chimene chimawombedwa ndi mphepo ya fani, kenaka amafika pa mabering'i anayi a crankshaft, pa camshaft, mpaka kumitu ya masilinda. Akatero amabwerera pansi kudzera m'timapaipi tisanu ndi titatu ta m'mbali. Dziwani kuti injini ya 1600 inachoka kufakitale yopanda fyuluta. Sefa ya waya ija imangogwira zinyalala zikuluzikulu. Nchifukwa chake oyilo ayenera kusinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo m'misewu ya fumbi nkwabwino kusintha asanakwane.

Alangizi a za mthirira amadziwa kuti pampu payokha sipanga puresha. Pampu imangokankha madzi, ndipo puresha imabwera chifukwa madziwo akuchepekedwa potulukira. Mukatseka kukamwa kwa paipi ndi chala madzi amafika patali, koma paipi ikabooka m'malo khumi amangochucha ngakhale pampu ili yabwinobwino. Mu injini, chala chimenecho ndi timipata tating'ono kwambiri ta pakati pa mabering'i ndi crankshaft. Motero muvi wa geji umamvera zinthu zitatu: kuchuluka kwa oyilo amene pampu ikutumiza, kulimba kwa oyiloyo, ndi kukula kwa mipata imene akutulukira. Chachinayi, chimene anthu amachiiwala, ndi geji yeniyeniyo, imene nthawi zina imanama.

Sikuti kusintha kulikonse ndi matenda. M'mawa oyilo akadali wozizira ndi wolimba, muvi ukhoza kufika pa bar 4 kapena kupyola. Injini ikatentha oyilo amakhala wamadzimadzi ndipo muvi umatsika. Mukaponda moto umakwera, mukasiya umabwerera. Mabuku a Volkswagen amati injini yatsopano ya 1600, yothiridwa oyilo wa SAE 30 amene watentha madigiri 70, ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi iyenera kuonetsa pafupifupi bar 3, ndiye kuti psi 42. Ikatsika kufika pa bar 2, kapena psi 28, yafika pa malire a kutha. Amakaniko ali ndi kawerengedwe kawo kachidule, kakuti psi 10 pa maulendo 1,000 aliwonse injini itatentha. Mwa kawerengedwe kameneka, injini yolira pang'onopang'ono galimoto itaima, imene imazungulira ka 800 mpaka 900 pa mphindi, ikaonetsa pang'ono kupyola theka la bar ilibe mlandu.

Kagetsi ka oyilo, kobiriwira pa galimoto zambiri zakale ndi kofiira pa zina za pambuyo pake, kamayaka puresha ikatsika kufika pakati pa bar 0.15 ndi 0.45. Choncho kagetsiko sikachenjeza msanga. Kakayaka n'kukhazikika galimoto ili kuyenda, zimitsani injini pomwepo, ngakhale kwatsala kilomita imodzi kuti mufike. Buku la mwini galimoto linkanena kuti kakamangophethira injini yotentha ikulira pang'onopang'ono, koma n'kuzima mukaponda moto, palibe chodetsa nkhawa. Ife tikuona kuti mau amenewo analembedwera injini zatsopano. Pa injini ya zaka 40, kuphethira kotero si chifukwa chosiyira galimoto m'tchire, koma ndi chifukwa chokwanira choti muyeze sabata yomweyo.

Funsani kuti zimachitika liti

Musanatsegule chilichonse, khalani pansi ndi woyendetsa galimotoyo, kapena yendani naye, ndipo mulembe m'kope zimene mukuona. Mau ongoti puresha ikuvutavuta sathandiza kanthu. Tifuna kudziwa kuti ikusintha nthawi yanji, ndipo ikusintha motani.

Ikamagwa pokhota, poponda mabuleki kapena potsika chitunda, n'kubwerera galimoto ikawongoka, ndiye kuti kapaipi koyamwira kakutsala pamtunda kwa kanthawi chifukwa oyilo wachepa. Ikamatsika pang'onopang'ono ulendo uli m'kati, makamaka dzuwa lili paliwombo, nkhani ndi ya kutentha kapena kutha kwa mabering'i. Muvi ukamanjenjemera mofulumira pamene injini ikuzungulira mosasintha, ganizirani za mpweya umene ukusakanikirana ndi oyilo. Ukagwa mwadzidzidzi n'kukhala pansi kwa kanthawi, kenaka n'kudumpha kubwerera pamalo pake popanda chifukwa chooneka, kawirikawiri ndi valavu imene ikukakamira. Ukamalumpha pa mabampu, kapena ukamasuntha mukayatsa nyali zakutsogolo, vuto lili pa mawaya. Musaiwale kufunsa ngati galimoto yangochoka kumene ku galaja ndi zimene anagwirako, chifukwa nthawi zambiri vuto limayamba tsiku limene wina anasintha oyilo, swichi kapena pampu.

Yambani ndi dipisitiki

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, dikirani mphindi zisanu kuti oyilo atsike, ndipo muyeze kawiri. Buloko ya 1600 ndi yosaya, ndipo pokhota pataliko oyilo amathawira m'timapaipi ta m'mbali tija. Pa injini yonyamula malita 2.5, kuchepa kwa lita imodzi ndi kwakukulu. Oyilo akapezeka wochepa, onjezerani, koma mufufuzenso kumene wapita: pa magasiketi a zovundikira mavalavu, pa mphira za timapaipi ta m'mbali, pa mphira za pansi pa choziziritsira, kapena pa mphira ya kuseri kwa flywheel, imene ikatha oyilo amadontha pamene injini yakumana ndi giyabokosi.

Oyilo wopyola mzere wapamwamba nayenso ngwoipa. Zitsulo zozungulira zimamumenya mpaka kuchita thovu, ndipo pampu siyingakankhe thovu monga imakankhira oyilo. Koma chochititsa mantha kwambiri ndi oyilo amene akuchuluka yekha. Nunkhizani dipisitiki. Ngati mukumva petulo, ndiye kuti pampu ya petulo, imene inamangidwa pamwamba pa buloko, yabooka mphira yake ya m'kati, kapena kabuleta ikusefukira. Thanki ya petulo ya Kombi ili pamwamba, kutsogolo kwa injini, kotero petulo akhoza kutsika yekha usiku wonse galimoto itaima. Oyilo wosakanikirana ndi petulo amapereka puresha yooneka bwino m'mawa, n'kugwa msanga injini ikangotentha. Konzani podontherapo ndi kusintha oyilo yense musanayende kwina kulikonse.

Kayikirani geji musanakayikire injini

Swichi ya kagetsi ili kumanzere kwa buloko, pansi pa distributor, ndipo ili ndi waya mmodzi yekha. Ntchito yake ndi kulumikiza wayayo ku buloko puresha ikachepa. Izi zitanthauza kuti waya ameneyu akasupuka n'kumakhudza chitsulo paliponse pa ulendo wake wautali wochokera kumbuyo kwa galimoto kufika ku dashibodi, kagetsi kadzayaka ngakhale puresha ili yokwanira. Kuyesa kwake nkosavuta. Tsegulani kiyi osaliza injini, kagetsi kayake. Chotsani wayayo pa swichi: kagetsi kayenera kuzima. Kakapanda kuzima, waya wakhudza chitsulo penapake. Mukhudzitseni ku buloko: kayenera kuyakanso. Swichi yokhayo imatopa ndi ukalamba, ina imayamba kutulutsa oyilo pa pulasitiki yake, ndipo mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi china chilichonse chimene tikambe pano.

Kombi sinkabwera ndi geji ya puresha. Zimene mumaziona pa dashibodi anachita kuwonjezera eni ake. Zambiri nzamagetsi, ndipo kachipangizo kake ka pa injini kamadalira mazinga a bawuti yake kuti magetsi abwerere ku buloko. Munthu akakulunga mazingawo ndi tepi yoyera ya mapulambala, magetsi amadutsa mwa apo ndi apo ndipo muvi umapenga. Zomwezi zimachitika chingwe cholumikiza giyabokosi ku thupi la galimoto chikachita dzimbiri, kapena jenereta ikamapereka magetsi osakhazikika. Chenjeraninso ndi mazinga. A pa buloko ndi M10 x 1, pamene zipangizo zambiri za ku America zili ndi mazinga a 1/8 NPT. Zimaoneka zofanana ndipo zimalowa pang'ono, koma wozikakamiza akhoza kung'amba buloko, imene pa 1600 ndi ya chitsulo chofewa cha magnesium.

Mlandu umatha ndi geji yoyendera oyilo weniweni, yokhala ndi kapaipi, yosadalira magetsi. Chotsani swichi, ikani gejiyo m'malo mwake, ndipo mulembe manambala injini ili yozizira. Kenaka yendetsani galimoto kwa mphindi 20 kapena 30 kuti oyilo atenthe ndithu, pakuti kungoiliza itaima sikokwanira. Lembani manambala ikulira pang'onopang'ono, ndiponso pa maulendo 2,500, ndipo muigwire pamenepo kwa mphindi imodzi mukuyang'anitsitsa muvi. Geji iyi ikakhala chilili pamene ya pa dashibodi ikuvina, injini ilibe vuto. Zikamavina zonse ziwiri, pitirizani kufufuza.

Mavalavu awiri a pansi pa buloko

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, choncho tifotokoze mofatsa. Injini za 1969 kubwerera m'mbuyo zili ndi valavu imodzi yoyang'anira oyilo. Kuyambira pa za 1970 mavalavu ndi awiri. Onse ali pansi pa buloko, mbali ya kumanzere, ndipo iliyonse ndi kapisitoni kakang'ono kokankhidwa ndi sipuling'i, kotsekedwa ndi chitsekero chachikulu chomasula ndi sikuludiraiva.

Valavu ya kufupi ndi pule ili ndi sipuling'i yaitali ndipo imasankha njira ya oyilo. Oyilo akakhala wozizira ndi wolimba, puresha imakankhira kapisitoni pansi, oyilo n'kulambalala choziziritsira kupita molunjika ku mabering'i. Akatentha puresha imatsika, sipuling'i imabweza kapisitoni, ndipo oyilo amakakamizika kudutsa m'choziziritsira. Valavu ya kufupi ndi flywheel ili ndi sipuling'i yaifupi ndipo ntchito yake ndi kutaya oyilo wotsala kubwerera pansi puresha ikapyola muyezo. Kapisitoni kakakakamira pansi, oyilo amangotayika ndipo puresha imagwa. Kakakakamira pamwamba, puresha ya m'mawa imakwera kwambiri mwakuti ikhoza kuphulitsa mphira za choziziritsira. Kakamagwira n'kumasuka, muvi umagwa ndi kudzuka monga tanena kale. Kambewu kamodzi ka mchenga, kachidutswa ka gasiketi, kapena utoto wa oyilo wopserera nzokwanira kuchititsa zimenezi.

Masulani valavu imodzi, muimalize, musanagwire inzake, kuti masipuling'i asasinthane. Mukachotsa chitsekero, sipuling'i ndi kapisitoni ziyenera kugwa zokha. Kapisitoni kakatsalira m'mwamba, mwapeza kale chimene mumafuna. Amakaniko amakakoka polowetsa m'kati mwake chitsulo chodulira mazinga cha mamilimita 10. Tsukani zonse ndi parafini, yang'anani ngati kapisitoni kali ndi mikwingwirima, ndipo ngati ndi yochepa kasalalitseni pang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri. Kapakeni oyilo ndi kukayesa m'dzenje lake: kayenera kutsetsereka kokha popanda kugwira. Sipuling'i yothyoka, yopindika kapena yokhulika mbali imodzi isinthidwe ndi ina ya muyezo wa fakitale.

Sefa, kapaipi ndi pampu

Pansi pa injini ya 1600 pali chivundikiro chozungulira chomangidwa ndi manati asanu ndi limodzi. Khuthulani oyilo m'beseni loyera, chotsani chivundikirocho ndi sefa, ndipo muyang'ane musanatsuke. Matope akuda otseka mawaya a sefa amachepetsa oyilo wofika ku pampu, ndipo puresha imagwa makamaka mukaponda moto kwambiri. Timizere ta silikoni tofiira kapena tabuluu timasonyeza kuti wina anapaka mankhwala omatira mopyola muyezo. Timeneti timatseka sefa ndi kugwira mavalavu. Tengani besenilo padzuwa. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mkuwa kapena siliva, mabering'i ayamba kudyeka ndipo injini isalizidwenso.

Lowetsani chala ndi kugwedeza kapaipi koyamwira. Sikayenera kusuntha. Kapaipi kameneka kanachita kukhomeredwa m'buloko, ndipo kakakhwepa pampu imayamwa mpweya pamodzi ndi oyilo, monga zimachitikira pa pampu ya mthirira paipi yoyamwira ikang'ambika. Zizindikiro zake ndi muvi wonjenjemera ndi thovu pa dipisitiki pamene oyilo ali pa mzere woyenera. Pobwezera chivundikiro, ikani magasiketi awiri atsopano ndi mawashala a kopa, ndipo manati amangidwe mopepuka, pa 7 Nm basi. Pa Type 4 sefa imagwiridwa ndi nati imodzi yapakati imene siyenera kupyola 13 Nm. Woimanga mwamphamvu amathyola buloko m'kati, pafupi ndi camshaft, ndipo kukonza kwake nkophwasula injini yonse.

Pampu yokha sikawirikawiri kukhala gwero la vuto, ngakhale kuti ndiyo anthu amathamangira kusintha. Mukaitsegula, onani ngati magiya akumba chivundikiro chake. Mpata wa pakati pa magiya ndi chivundikiro, popanda gasiketi, usapyole mamilimita 0.1, ndipo gasiketi yake ndi kapepala kopyapyala kwambiri. Amene amadula gasiketi ku katoni amakulitsa mpatawo ndi kutaya puresha ndi manja awo. Mapampu ena osachokera ku fakitale amalowa mokhwepa m'buloko, ndipo injini ikatentha amayamwa mpweya m'mbali.

Kutentha

Kombi yokhala ndi mabedi, makabati, madzi ndi katundu wa banja lonse imakokedwa ndi injini ya mphamvu za akavalo pafupifupi 50. Injini yotere imagwira ntchito yolemetsa tsiku lonse. M'mwezi wa October, pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena pochoka m'chigwa cha Zambezi ku Chirundu, oyilo amatentha kwambiri ndipo puresha imatsika ngakhale mabering'i ali bwino. Oyilo wa madigiri 80 mpaka 105 ali pabwino. Akapyola 120 ndiye kuti zinthu zaipa. Popanda choyezera, gwirani chogwirira cha dipisitiki: ngati simungathe kuchigwira ngakhale kwa kamphindi, injini yatentha mopyola.

Puresha yotsika chifukwa cha kutentha imachira mukakonza kaziziridwe. Lamba wa fani, mukamudinikiza ndi chala chachikulu pakati, alowe mamilimita 10 mpaka 15. Pa 1600 lamba yemweyo ndiye amayendetsa jenereta, kotero kagetsi kofiira ka jenereta kakayaka m'njira imani msanga, chifukwa mwina fani nayo yaima. Pisani dzanja kuseri kwa chibokosi cha fani injini itazima. Nsanza, mapepala a pulasitiki ndi masamba zimakonda kumatirira pamenepo. Galimoto imene yakhala nthawi yaitali pafupi ndi nkhokwe iyang'anidwe bwino, pakuti makoswe amamanga zisa pamwamba pa masilinda, pansi pa malata. Malata onse ozungulira injini ayenera kukhalapo, pamodzi ndi mphira yotseka mpata wa pakati pa injini ndi thupi la galimoto. Ikasowa, fani imayamwa mphepo yotentha imene yangochoka pa masilinda. Oyilo wodontha akasakanikirana ndi fumbi amapanga matope amene amatseka timipata ta choziziritsira. Pa injini za 1970 kubwerera m'mbuyo choziziritsiracho chinaima panjira ya mphepo yopita ku silinda yachitatu, imene imatentha kuposa zinzake. Kuyambira 1971 anachisunthira m'kachipinda kakekake.

Mavalavu a ku mitu ya masilinda achunidwe pa mamilimita 0.15 injini ili yozizira, ndipo tayiming'i isapititsidwe patsogolo mopyola muyezo, chifukwa zonsezi zimawonjezera kutentha. Woyendetsa naye ali ndi mbali yake. Fani imathamanga molingana ndi injini, choncho kukwera chitunda pa giya yachinayi injini ikubuula kumachepetsa mphepo ndi puresha pa nthawi imene zikufunika kwambiri. Atsike pa giya yachitatu msanga.

Injini ikakhala kuti yatha

Oyilo ali wokwanira ndi woyera, geji yatsimikizika, mavalavu akutsetsereka, kaziziridwe kali bwino, koma puresha ikulepherabe kufika pa bar 2 pa maulendo 2,500: pamenepo mipata ya mabering'i yakula. Pa 1600 si mabering'i okha amene amatha. Buloko ya magnesium imapunthidwa ndi crankshaft kwa zaka zambiri mpaka malo okhala mabering'i amakula, ndipo popeza chitsulochi chimafutukuka chikatentha, oyilo amathawa kuseri kwa mabering'i injini ikatentha n'kuoneka bwino ikazizira. Gwirani pule yaikulu ndi manja awiri injini itazima, muikoke ndi kuikankha. Muyezo wa kusuntha kwake ndi mamilimita 0.07 mpaka 0.13, malire ake ndi 0.15, kumene ndi kuchepa kosaoneka ndi maso. Mukaiona ikusuntha ndi kumva kugogoda, injini iyenera kutsitsidwa.

Pa nthawi imeneyi mwini galimoto amalandira malangizo ambiri otchipa, ndipo alangizi ayenera kuwadziwa kuti amuchenjeze. Ena amati athire oyilo wolimba kwambiri kapena mankhwala onanda ngati uchi. Oyilo wa SAE 40 kapena 20W-50 ndi woyenera m'madera athu otentha, koma kupyola pamenepo kumangokweza muvi, mipata ili chikhalire. Ena amaika mawashala pansi pa sipuling'i ya valavu, kapena amachotsa pampu ya magiya a mamilimita 21 kapena 26 n'kuika ya 30. Kumbukirani m'mene valavu ya kufupi ndi pule imagwirira ntchito: imamva puresha yokha, sidziwa kutentha. Pampu yaikulu ndi oyilo wolimba zimainamiza kuti oyilo akadali wozizira, iyo n'kumamulambalalitsa choziziritsira, kotero muvi umaoneka bwino pamene injini ikupsa. Choipitsitsa ndi kuika swichi yoyaka mochedwa, kapena kuzula waya wa kagetsi kuti kasavutitse.

Njira yoona ndi kutsegula buloko, kuyeza crankshaft, kuboolanso malo a mabering'i pa makina ndi kuika mabering'i a muyezo wogwirizana. Ntchitoyi ndi ya shopu yokhala ndi zipangizo zoyezera, ndipo galimoto ipite kumeneko chokokedwa ngati m'beseni munapezeka tinthu tonyezimira. Mwini galimoto apereke kwa makaniko kope lija la manambala, ndipo aumirire kuti choziziritsira oyilo chisinthidwe ndi tinjira tonse ta m'buloko titsukidwe, chifukwa tizitsulo ta mabering'i akale timabisala m'menemo n'kudzadya atsopanowo. Injini ikamangidwa, aizungulitse ndi sitata mapulagi atachotsedwa mpaka kagetsi ka oyilo kazime, ndipo pokhapo ndiye ailize.